Chiphaso cha msodzi wa ku Kafue chizibwera ndi doko lake

Tawuni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita osakwana 50 kummwera kwa Lusaka, ndipo dzina lake inalitenga ku mtsinje umene umadutsa m'mphepete mwake. Wapaulendo wopita ku Chirundu kapena ku Livingstone akamawoloka mlatho amaona madzi otambalala, mabwato m'mbali mwa mabango ndi amayi atayala nsomba pafupi ndi msewu, n'kuganiza kuti munthu wa kuno akasowa ndiwo amangonyamula mbedza n'kutsetserekera kumtsinje. Zinthu sizili chomwecho. Pakati pa msodzi wa ku Zambia Compound, ku Shikoswe kapena ku Chanyanya ndi madzi a Kafue pali zipata ziwiri. Choyamba ndi chiphaso cha boma chomulola kupha nsomba. Chachiwiri, chimene sichikambidwa kawirikawiri, ndi malo enieni oti apondepo, akochezepo bwato ndi kutsitsirapo zimene wapha. Mfundo yanga ndi yakuti ziwirizi zisamalekanitsidwe. Chiphaso cha nyengo ya usodzi chizibwera pamodzi ndi ufulu wa doko la anthu onse, ndipo okhala m'mbali mwa mtsinjewu azikhala oyamba kuchipeza, pa mtengo umene angaukwanitse. Chiphaso chimene sichitetezera mwini wake kalikonse ndi msonkho chabe, ndipo msonkho wotere anthu amauzemba.

Lamulo loyendetsera usodzi m'Zambia lero ndi Fisheries Act ya chaka cha 2011. Ntchito yolitsata ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nsomba, imene likulu lake lili ku Chilanga, pa msewu womwewo wochokera ku Kafue kupita ku Lusaka. Wopha nsomba zogulitsa amayenera kukhala ndi chiphaso, ndipo bwato lake liyenera kulembedwa m'kaundula. Chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale usodzi umatsekedwa pa Kafue kuti nsomba ziswane madzi akamakwera. Kupha nsomba ndi poizoni, ndi mabomba, ndi masikito otetezera udzudzu kapena maukonde a maso aang'ono n'koletsedwa, chimodzimodzinso kutumpula, kumene kuli kumenya madzi kuti nsomba zithawire mu ukonde. Lamulo lomweli limalolanso kukhazikitsa madera a usodzi okhala ndi makomiti momwe asodzi ndi mafumu ali ndi mpando. Wowerenga lamuloli sangalipeze ndi vuto lalikulu. Nyengo ya msodzi ndi ya miyezi 9, kuyambira Malichi mpaka Novembala, ndipo zida zololedwa n'zodziwika. Vuto limayamba munthu akachoka pa pepala n'kupita kugombe.

Kuti timvetse mmene zinafikira pamenepa tiyenera kubwerera m'mbuyo. Kumtunda kwa tawuniyi kuli madambo aakulu a Kafue Flats, otambalala pafupifupi masikweya kilomita 6,500, amene amathera pomwe mtsinje umayamba kulowa m'mapiri a Kafue Gorge. Asodzi akale kwambiri a madambowa ndi Abatwa, ndipo m'mbali mwake munali Aila ndi Atonga oweta ng'ombe amenenso ankapha nsomba pa nyengo yake. Thamanda lililonse ndi kamtsinje kalikonse zinali ndi eni ake oyang'anira. Iwo ndiwo ankalengeza tsiku la usodzi wa mudzi wonse, n'kuletsa kupha nsomba m'malo oswanirana, ndipo mlendo ankapempha asanaponye chida m'madzi. Boma la atsamunda, ndiponso la Zambia itadzilamulira mu 1964, linatenga mphamvu zimenezi n'kuziika m'maofesi. Asodzi a maukonde a nayiloni anabwera kuchokera ku Luapula, ku Barotseland, ngakhale ku Malawi, pokopeka ndi msika wa Lusaka ndi wa ku migodi. Kenako mtengo wa kopa unagwa m'zaka za m'ma 1970, boma linasowa ndalama zolondera mtsinje, ndipo m'zaka za m'ma 1990 ntchito zambiri zinatha. Tawuni ya Kafue inamva ululu umenewu kuposa matawuni ambiri, chifukwa inakula podalira mafakitale a boma: ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inafooka, ndipo ya nsalu ya Kafue Textiles inadzatseka. Anthu ochotsedwa ntchito analibe kwina kolowera koma kumtsinje. Akatswiri awiri ofufuza za chikhalidwe a ku Switzerland, Tobias Haller ndi Sonja Merten, amene anachita kafukufuku m'madambowa m'zaka za m'ma 2000, anafotokoza zotsatira zake momveka bwino: malamulo a makolo anachotsedwa, a boma anatsala opanda owalondera, ndipo mtsinje unasanduka wa aliyense wamphamvu. Obwera ankayankha eni dera kuti iwonso ndi nzika za Zambia zokhala ndi ziphaso, choncho palibe mfumu kapena mudzi wowauza mmene angaphere nsomba.

Pamenepa m'pamene pali kufooka kwa chiphaso cha masiku ano. Chimauza msodzi kuti waloledwa, koma sichimusungira malo, sichimupatsa mawu pa kayendetsedwe ka madzi amene akudalira, ndipo sichimutsimikizira kuti mnzake wokoka khoka la masikito usiku adzaletsedwa. Amene chimamupindulira kwambiri ndi munthu wa mpamba, wokhala ndi mabwato angapo ndi anyamata omugwirira ntchito, amene mwina sakhala n'komwe m'boma la Kafue. Kwa iye ndalama ya chiphaso ndi yochepa ndipo ulendo wa ku ofesi suvuta. Msodzi wa bwato limodzi losema amafika mwezi wa Malichi atakhala miyezi itatu osapha nsomba, chimanga cham'munda chisanakhwime, ngongole ya ufa itachuluka, maukonde akufunika kusoka. Nthawi imene akuyenera kukhala ndi chiphaso m'manja ndi imene m'thumba mwake muli mowuma kuposa nthawi ina iliyonse pachaka. Ambiri amalowa m'madzi opanda pepala, ndipo olondera akabwera, maukonde olandidwa ndi kutenthedwa amakhala a iwowa. Sindikunena kuti wosauka aliyense ndi wosalakwa, pakuti masikito ambiri ali m'manja mwa osauka omwewo. Koma dongosolo limene limakankhira unyinji wa asodzi kunja kwa lamulo silingayembekezere kuti asodziwo alondere lamulolo.

Nkhani ya gombe ndiyo yandikhudza kwambiri, chifukwa ikuchitika mwakachetechete ndipo ikachitika siibwerera. Lamulo la malo la 1995 linalola kuti malo a mafumu asinthidwe n'kukhala a munthu mmodzi pa chikalata cha zaka 99. Malo oyang'ana mtsinje, pafupi ndi likulu la dziko, pa msewu wa phula ndi njanji, ndi chuma chimene aliyense wandalama amachisirira. Mafamu, malo ogona alendo, malo osangalalirako ndi nyumba zopumulirako kumapeto kwa sabata zimabwera ndi mipanda, ndipo mpanda uliwonse umadula kanjira kamene anthu ankadutsamo popita kumadzi. Owerenga a ku Malawi akuidziwa bwino nkhani imeneyi, chifukwa m'mbali mwa nyanja ku Mangochi midzi ina inatsala ndi timipata tochepa pakati pa mahotela ndi nyumba za anthu olemera. Sindikutsutsa malo ogona alendo. Amalemba anthu ntchito ndipo amagula nsomba kwa asodzi omwewa. Chimene ndikutsutsa ndi kugawa gombe lonse popanda kuyamba kupatula ndi kulemba m'mabuku madoko a anthu onse ndi njira zofikirako. Madzi a mtsinje ndi a dziko, koma ufulu wa madzi umene ulibe njira yopondapo ulibe ntchito. Kugulitsa munthu chiphaso n'kumutsekera gombe kuli ngati kumugulitsa khasu n'kumulanda munda.

Doko la anthu onse limachita zambiri kuposa kungokochezapo bwato. Ndi pamene wogwira ntchito za nsomba angaime m'mawa n'kuona maso a ukonde uliwonse, kuyeza nsomba ndi kulemba kuchuluka kwake, m'malo mothamangitsana ndi asodzi m'mabango ndi bwato la injini losowa mafuta. Ndi pamene pangamangidwe chimbudzi, mjigo ndi posungira madzi owundana, zinthu zofunika kwambiri m'misasa ya asodzi imene kolera amaikonda, ndipo Zambia sinaiwale mliri wa 2023 ndi 2024. Ndi pamene amayi ogula nsomba angapikisane pa mtengo poyera, m'malo mopalasa kupita kumisasa yakutali kumene ena amakakamizidwa kupereka thupi kuti apeze katundu, mchitidwe umene ofufuza omwe aja anaulemba m'madambo a Kafue. Ndipo pakamangidwa kamlatho kolowera m'madzi, wopuma pantchito, mayi kapena mnyamata wa mbedza imodzi amapeza pokhala potetezeka ku ng'ona ndi mvuu zimene mtsinjewu uli nazo. Anthu a mbedzawa ndiwo amaiwalika pokamba za usodzi, chonsecho ndiwo osawononga.

Chiphaso chimene ndikuchiganizira n'chosavuta kumvetsa. Chizikhala cha nyengo yonse, kuyambira Malichi mpaka Novembala, cholembedwa dzina la munthu ndi doko lake. Wa mbedza kapena mono wofuna ndiwo za pakhomo azingolembetsa, kapena kulipira kandalama kochepa kwambiri. Wa bwato limodzi ndi maukonde ololedwa azilipira mtengo wapakati, ndipo aziloledwa kulipira pang'onopang'ono nsomba zikayamba kuphedwa, kudzera pa foni monga mmene anthu amalipirira kale magetsi ndi madzi pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Wa mabwato ambiri ndi mlendo wopha nsomba mongosangalala azilipira mtengo wokwera. Chiwerengero cha ziphaso za maukonde pa doko lililonse chizikhala ndi malire, okhala m'deralo azilembetsa poyamba, ndipo zotsala zizipita kwa obwera. Gawo lodziwika la ndalamazo lizitsala pa doko pomwepo.

Wina anena kuti kumeneko n'kugawa dziko. Zambia inamangidwa pa mfundo ya dziko limodzi ndi mtundu umodzi imene Kenneth Kaunda ankailalikira, ndipo Mbemba wa ku Luapula ali ndi ufulu pa Kafue mofanana ndi Msoli kapena Mtonga. Mantha amenewa ndi oyenera kuwalemekeza, chifukwa mawu akuti eni dera akagwera m'kamwa mwa andale amasanduka chida chothamangitsira anthu. Koma muyeso umene ndikuunena si mtundu wa munthu, ndi kumene amakhala. Tawuni ya Kafue ndi ya mitundu yonse, chinenero cha pamsika ndi Chinyanja chosakanikirana ndi Chitonga ndi Chibemba, ndipo adzukulu a asodzi amene anabwera zaka 60 zapitazo ndi anthu a pamtsinje ngati wina aliyense. Kusiyana kwenikweni kuli pakati pa munthu amene ana ake adzadya za mtsinjewu zaka zikubwerazi ndi munthu amene nsomba zikatha amakweza mabwato pa lole n'kupita ku Itezhi-Tezhi kapena ku Lukanga. Chilumba cha Mbenji m'boma la Salima ku Malawi chikuonetsa kuti kulemekeza ulamuliro wa eni dera sikutanthauza kutsekera alendo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi pachilumbachi nyengo ya mvula n'kuutsegula ndi mwambo cha mu Epulo. Asodzi amabwera kuchokera m'maboma osiyanasiyana ndipo amalandiridwa, koma amatsata malamulo a pamalopo, ndipo wophwanya amachotsedwa. Elinor Ostrom, amene analandira mphotho ya Nobel ya zachuma mu 2009, anapeza zofanana m'maiko ambiri: chuma cha anthu onse chimasungika pamene malire ake ndi odziwika, ochigwiritsa ntchito ali ndi mawu popanga malamulo, ndipo olondera amayankha kwa iwo.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Nsomba za Kafue zachepa, asodzi achuluka, ndiye kutsitsa mtengo wa chiphaso sikuwonjezera moto? Yankho loyamba n'lakuti mtengo sunaletsepo munthu wanjala kulowa m'madzi, umangomuchotsa m'kaundula. Chimene chimateteza nsomba ndi malire a chiwerengero cha maukonde, kukula kwa maso ake ndi kulemekeza miyezi yotseka, ndipo zitatuzi zimatheka pokhapokha asodzi akudziwika ndi mayina. Yankho lachiwiri n'lakuti si chilungamo kusenzetsa msodzi mlandu wonse. Nsomba za m'madambo zimadalira kusefukira kwa madzi: mvula ikagwa mtsinje umafalikira m'udzu, nsomba zimatsatira kukaikira mazira, ndipo tiana timakulira m'madzi osaya mpaka madzi ataphwera. Kayendedwe kameneka kanasintha pamene damu la Kafue Gorge linamangidwa kumunsi kwa tawuni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndi la Itezhi-Tezhi kumtunda mu 1977. Kuyambira pamenepo madzi amatsegulidwa motsata zofuna za makina a magetsi a ZESCO. Kummawa kwa madambo, kufupi ndi tawuni ya Kafue, malo ena amene ankauma chilimwe tsopano amakhala m'madzi chaka chonse, pamene kumadzulo kusefukira kunachepa. Omanga damu ankadziwa za vutoli, n'chifukwa chake panaikidwa lamulo lotulutsa madzi ochuluka m'mwezi wa Malichi, koma m'zaka za chilala, monga 2024 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, dontho lililonse limawerengedwa ngati magetsi. Mtsinje womwewu umathirira nzimbe za ku Nakambala ku Mazabuka ndiponso umapereka gawo lalikulu la madzi akumwa a Lusaka kudzera pa makina a ku Iolanda. Onsewa ali ndi zilolezo zolembedwa zowatetezera gawo lawo. Msodzi yekha ndiye ali ndi pepala losamutetezera kanthu.

Palinso zina zimene msodzi sanazibweretse. Nsomba ya Nile tilapia inathawa m'maiwe oweteramo nsomba cha ku Mazabuka m'zaka za m'ma 1980, ndipo tsopano yafalikira n'kumaswana ndi nsomba ya makolo ya madontho atatu imene Kafue inkatchuka nayo. Kanyama konga nkhanu ka zala zofiira kochokera ku Australia, kamene anthu amakatchula kuti crayfish, kanalowa mumtsinje cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo kamadya nsomba zokodwa mu ukonde msodzi asanaonjole. Namasupuni wakhala akutseka madzi pafupi ndi tawuni, akunenepa ndi zonyansa za m'mafakitale, za m'zimbudzi ndi feteleza wa m'minda, ndipo chitsamba chaminga cha Mimosa pigra chinalanda malo aakulu ku Lochinvar. Pa 18 Febuluwale 2025 damu losungira zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi analowa m'mitsinje yothira mu Kafue. Nsomba zinafa pa mtunda wautali ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Tsoka lotere likagwa n'kuyamba kukambidwa za chipukuta misozi, funso loyamba limakhala lakuti ndani anali msodzi, ankaphera pati, ndipo ankapeza zingati. Wopanda dzina m'kaundula alibe umboni. Chiphaso chofikirika ndi chishango cha msodzi pa tsiku ngati limenelo.

Ena amakayikira makomiti, ndipo ali ndi zifukwa. Pa nyanja ya Malombe ku Malawi makomiti a m'magombe anayamba mu 1993 chambo chitatha, koma ambiri anafooka chifukwa asodzi ankawaona ngati nthambi ya boma ndi ya opereka thandizo, odzaza ndi anthu osapalasa bwato, okangana ndi mafumu pa za ulamuliro. Komiti yogawa ziphaso zowerengeka ikhoza kusanduka msika wa ziphuphu, wachibale wa wapampando n'kupeza malo pamene mayi wamasiye akubwezedwa. Koma m'dziko lomwelo, pa nyanja ya Chiuta, asodzi eni ake ndiwo anadzuka cha m'ma 1995 n'kuchotsa makoka a nkacha amene ankawononga madzi awo, ndipo dongosolo lawo linalimba chifukwa linachokera kwa iwo. Phunziro lake n'lakuti komiti izisankhidwa ndi okhala ndi ziphaso, amayi ogula ndi kuwamba nsomba akhale ndi mipando yawo, mndandanda wa olandira ziphaso ndi ndalama zotoleredwa zizipachikidwa pa doko kuti aliyense awerenge, ndipo womanidwa azikhala ndi kokadandaula kunja kwa komitiyo. Ziphuphu zimakonda mdima, ndipo mdima waukulu ndi umene ulipo lero, pamene msodzi wopanda pepala amakambirana ndi wolondera awiriwiri m'mabango.

Za ulimi wa nsomba m'maiwe ndinene mwachidule. Ndi wofunika, pakuti Zambia imagula nsomba zambiri kunja, kuphatikizapo za ku Namibia, ndipo ku Kafue kuli kale mafamu a nsomba. Koma dziwe limafuna malo, mpamba ndi chakudya chogula, zimene munthu wa bwato limodzi alibe, ndipo silingalowe m'malo mwa mtsinje umene umadyetsa mabanja osawerengeka popanda wowuthirira chakudya.

Ndalama zoyambira si chopinga chachikulu monga mmene zinalili kale. Mu 2022 boma linakweza thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, CDF, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo lakhala likukwerabe. Doko la simenti, kamlatho ka opha ndi mbedza, chimbudzi ndi mjigo ndi ntchito zimene thumba limeneli lingazikwanitse. Chodula kwenikweni ndi malo, ndipo mtengo wake ukukwera chaka chilichonse pamene Lusaka ikutambasukira kummwera. Khonsolo ya Kafue, phungu wa derali, mafumu ndi akuluakulu a ku Chilanga akhale pansi ndi asodzi, ayende gombe lonse la bomali, alembe madoko ndi njira zimene zatsala, ndipo azipatule mwalamulo zisanagulitsidwe. Miyezi itatu yotseka usodzi, pamene mabwato ali pamtunda ndipo asodzi ali pakhomo, ndiyo nthawi yabwino yochitira kalembera ameneyu. Inu asodzi ndi amayi a nsomba a ku Kafue, pitani kwa khansala wanu ndi ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu, mukafunse kuti doko lanu linalembedwa m'dzina la yani, ndipo musachoke musanaone yankho lolembedwa.